Maulendo a Samuel Kirkland ku Dziko la a Seneca

Nkhani ya lero icokera kutali, tsidya lija la nyanja yaikuru ya Atlantic, ku dera limene tsopano lichedwa New York, m'dziko la United States of America. Iri nkhani ya mlaliki wina dzina lace Samuel Kirkland, ndi ya mtundu wa anthu ochedwa a Seneca, dzina limene pochula limveka ngati Seneka. Mwa maulendo a munthuyu kwa anthu amenewa, anai ndiwo aakuru: wa m'caka ca 1765, wa 1779, wa 1788 ndi wa 1792. Pa maulendo onsewa anali mbusa yemweyo, ndi buku lomwelo m'thumba mwace. Koma omtuma anali kusinthika, ndi cimene anamtumira comwe, kotero kuti eni dziko poona mlendo ali nkudza anaphunzira kuyamba afunsa kuti lero wadzera yani.

Anthuwa ayenera kudziwika bwino nkhani isanapite patali. Azungu anawacha Indian cifukwa Columbus, pofika ku America m'caka ca 1492, anayesa kuti wafika ku India. Koma iwo sali abale a Amwenye amene omvera awadziwa. Ndiwo eni dziko amene Azungu anawapeza kumeneko. A Seneca anali umodzi mwa mitundu isanu ndi umodzi yopangana cibale, imene Afaransa anaicha Iroquois, eni ace nadzicha Haudenosaunee, ndiko kunena anthu a nyumba yaitali. Anayerekeza dziko lao lonse ndi nyumba imodzi yaitali yogona kucokera kum'mawa kunka kumadzulo. A Mohawk anasunga khomo la kum'mawa. A Onondaga anasunga moto wa bwalo pakati. A Oneida, a Cayuga ndi a Tuscarora anali ndi malo ao m'katimo. Ndipo a Seneca, amene anacuruka koposa onse, anasunga khomo la kumadzulo. Anali alimi. Akazi ao anabzala cimanga, nyemba ndi maungu pa nthumbira imodzi, monga acita amai ambiri kuno, ndipo sicodabwitsa, pakuti mbeu zitatuzi kwao nkomweko ku maiko a America. Mwana anatsata pfuko la amace, ndipo amai akuru a mbumba ndiwo anasankha mfumu, nakhoza kuicotsanso ikalakwa. Acewa sadzabvutika kuumva mwambo umenewu.

Pa nthawi ya ulendo woyamba United States inali isanabadwe. Azungu okhala m'mbali mwa nyanja, m'zigawo 13, anali anthu a Mfumu ya ku England. Angerezi anali atangogonjetsa Afaransa nalanda Canada. Ndipo popeza panalibenso wopikisana nao, akuru a nkhondo anacepetsa mphatso ndi onga zimene eni dziko anazolowera kulandira, nayamba kuyenda monga eni ace a malo. M'caka ca 1763 mitundu yambiri inauka. A Seneca a kumadzulo analowa nao m'nkhondoyo, ndipo pa 14 September analalira ngolo za Angerezi pa malo ochedwa Devil's Hole, pafupi ndi mathithi a Niagara, napha anthu monga 80, ambiri a iwo asilikari. Mtendere unapanganidwa m'caka ca 1764, a Seneca nalipa mlanduwo ndi dziko la m'mbali mwa mtsinje wa Niagara. Mitima inali ikali yowawa mbali zonse ziwiri.

Kirkland anabadwa m'caka ca 1741 ku Norwich, m'cigawo ca Connecticut, mwana wa mbusa. Anaphunzira pa sukulu ya Eleazar Wheelock ku Lebanon, imene inalandira ana a eni dziko, ndipo kumeneko anapalana ubwenzi ndi mnyamata wa a Mohawk, Joseph Brant, amene anayamba kumphunzitsa cinenero ca kwao. Pofuna kupita kwa a Seneca, kumene anzace anaopa kupondako, sanakhoza kungonyamula thumba ndi kunka. Njira inadzera pa khomo la Sir William Johnson, nduna ya Mfumu yoyang'anira mirandu ya eni dziko a kumpoto, munthu wodziwa miyambo yao, amenenso anakhala ndi mlongo wace wa Brant monga mkazi wace. Johnson anampatsa anthu awiri a Seneca omperekeza, ndi mau onka kwa mafumu, ndi lamba wa mikanda. Mikanda imeneyi, yochedwa wampum, inasemedwa ku zigoba za nkhono za m'nyanja, ina yoyera ina yodera. Ndipo pa bwalo la anthuwa mau aakuru odza opanda mikanda anayesedwa mphekesera cabe. Cotero mlaliki analowa m'dziko la a Seneca lamba wa Boma uli m'manja.

Anauka pakati pa mwezi wa January 1765, ali wa zaka 23, ndiyo nthawi imene cisanu cikula kumeneko. Dziko lonse likutidwa ndi cipale cofewa, ndiwo madzi ouma oyera ngati ufa, amene agwa kucokera kumwamba naunjikana mpaka kufika m'cuuno mwa munthu. Ndipo kuti woyenda asamire amanga ku mapazi nsapato zoluka, zazikuru ngati malicero. Mnyamata wa kusukuluyo anali asanazolowere nsapato zotere, ndipo mapazi ace anatupa. Usiku omperekeza anali kukumba cipaleco kufikira pansi, nasonkha moto, nayala nthambi za mitengo pogona. Anapitira pa midzi ya a Oneida ndi ya a Onondaga, nafotokoza za ulendo wao kwa akuru monga mwa mwambo. Atayenda masiku 23, mamailosi monga 200, anafika pa Kanadasaga, mudzi waukuru wa a Seneca a kum'mawa, pafupi ndi pamene pali mzinda wa Geneva lero.

Anamlandira bwino. Mau a Johnson atamveka pa bwalo, mlendoyo analowetsedwa m'banja la mfumu monga mwana wa pa nyumba, ndipo anamsankhira nyumba ya munthu wina wofatsa kuti azigona m'menemo. Patapita masiku owerengeka mwini nyumbayo anafa usiku mwadzidzidzi, osadwala konse. Ali yense wokulira pa mudzi adziwa cimene cinatsata. Munthu wamoyo wagona bwino bwino, m'nyumba mwace muli mlendo wa khungu lacilendo amene asunga buku nalemba zizindikiro pa pepala; nanga anthu akanaloza yani? Amithenga anathamanga ku midzi ina, bwalo nilikhala masiku angapo, mlandu wace ndiwo wakuti mlendo aphedwe kapena iai.

Kirkland analemba m'buku la ulendo wace zimene anamuuza za mlanduwo. Mkuru wina wa nkhondo ananena kuti imfayo ndiyo cenjezo locokera kwa mizimu. Kuti buku la Azungu linalembedwera Azungu okha. Ndi kuti mitundu imene inalilandira inatha mphamvu, amuna ace nasanduka ogwira nchito za akazi. Azungu olemba mbiri kale anamuyesa munthuyu woipa mtima cabe, koma mau ace sanali opusa, pakuti za mitundu ya kunyanja, imene inayamba kulandira alaliki ndipo pambuyo pace inatsala ndi timalo tating'ono, zinali kumveka ponse ponse. Mkazi wamasiye anafunsidwa, nacitira umboni kuti mlendoyo sanampatsa mwamuna wace mankhwala ali onse. Potsiriza mfumu Sayenqueraghta, katswiri pa kulankhula, anamtetezera, bwalo nilimmasula. Cifundo cinalipo ndithu. Komanso panalibe mkuru wosadziwa kuti kupha munthu wodza ndi lamba wa Johnson ndiko kuitananso nkhondo imene inali itangotha.

Imfa ya mkondo itampewa, inatsala pang'ono kumtenga ya njala. Nkhokwe za pa mudzi zinatha cimanga cisanapse, anthu nayamba kudya nthanga za mitengo ya m'chire ndi nyama yobvunda, ndipo mlendoyo anagulitsa malaya ace ndi timikate ta cimanga. Anayenda ulendo wa bwato la makungwa pamodzi ndi mbale wace wa m'banja la mfumu kukapempha cakudya kwa Johnson, nabweranso. Anakhala kufikira mwezi wa May 1766. Cinenero anaciphunzira, abwenzi anawapeza, koma mpingo sanausiya. Caka comweco anadzozedwa ubusa, nakakhala kwa a Oneida, kumene anagwira nchito zaka monga 40.

M'zaka zotsata Azungu a m'zigawo zija anayamba kukangana ndi Boma la ku London. Misonkho ndiyo inachuka koposa, koma nkhani ya dziko inaliponso, pakuti m'caka ca 1763 Mfumu inalemba malire m'mapiri niletsa anthu ace kukamanga kumadzulo kwace, ndipo lamulo limeneli linawawira onse osirira minda ya eni dziko. Kirkland, munthu wa ku New England, mtima wace unali ndi oukirawo. Nkhondo itabuka m'caka ca 1775, Guy Johnson, amene analowa m'malo mwa Sir William atamwalira, anayesa kumletsa kubwerera ku mpingo wace, pomuona monga mthenga wa adani a Mfumu. Sanalakwa kweni kweni. A Oneida ndi a Tuscarora ambiri anatsata mbusa wao ku mbali ya America. Joseph Brant, bwenzi lija la kusukulu, anatsogolera a Mohawk ku mbali ya Mfumu.

A Seneca anayesetsa kukhala pambali, nanena kuti uwu ndi mlandu wa atate ndi mwana wace. Koma onga, mfuti ndi mabulangeti zinali kudzera ku linga la Angerezi la Niagara, ndipo amene anali kudya malire a minda yao anali Azungu a m'zigawo, si Mfumu ya kutsidya iai. M'caka ca 1777 anabvomera kuthandiza Angerezi. Pa 6 August caka comweco, pa Oriskany, a Seneca ndi a Oneida anaphana okha okha, nyumba yaitali ija ning'ambika pakati. Mmodzi wa otsogolera a Seneca tsiku limenelo anali Sayenqueraghta yemwe uja.

Midzi ya Azungu ya kumalire itathiridwa nkhondo ku Wyoming ndi ku Cherry Valley m'caka ca 1778, George Washington anatuma kazembe John Sullivan ndi asilikari zikwi zingapo kuti akapasule dziko la a Seneca ndi a Cayuga. Anatero m'caka ca 1779. Sullivan mwini wace anawerenga midzi 40 yotenthedwa, ndi cimanga coonongeka ca mabushelo 160,000, ndiwo matumba aakuru oposa 40,000. Mitengo ya zipatso yomwe anailikha. Kanadasaga anapsa m'mwezi wa September. Uwu ndiwo ulendo waciwiri wa Kirkland, pakuti anali m'gulu la nkhondo lomwelo monga mbusa wa asilikari. Anthu othawa, monga 5,000, anakaunjikana pa linga la Niagara, ndipo cisanu ca caka cimeneco cinali coopsa. Ambiri anafa ndi njala ndi nthenda m'misasa.

Pangano lotsiriza nkhondo linalembedwa ku Paris m'caka ca 1783. M'menemo Angerezi anapereka kwa United States dziko lonse kufikira mtsinje wa Mississippi, osachula ndi liu limodzi lomwe eni dziko amene anawathira mwazi. Koma malinga a m'malire, monga Niagara, Oswego ndi Detroit, anakana kuturukamo, ngakhale anali ku mbali ya America. Cifukwa cimene ananena poyera ndi cakuti anthu a ku America sanalipa ngongole zao kwa amalonda a ku Britain, ndipo sanabweza cuma ca amene anakhala okhulupirika kwa Mfumu. Panalinso zifukwa zina zosanena: malonda a zikopa, ndi mantha akuti mitundu yonyengedwayo ingatembenukire Canada. Tsono a Seneca ambiri, amene anamanga midzi yatsopano pa Buffalo Creek, mamailosi osafika 40 kucokera ku Niagara, anakhala pakati pa maboma awiri. La Angerezi linawapatsa cakudya, zobvala ndi uphungu wakuti asagulitse dziko, koma osalonjeza asilikari. La America linawauza pa Fort Stanwix m'caka ca 1784 kuti iwo ndi anthu ogonja, nilitenga dziko lao la kumadzulo.

Ulendo wacitatu, wa 1788, unali wa malonda a dziko. Oliver Phelps ndi Nathaniel Gorham anafuna kugula dera lalikuru la kum'mawa kwa mtsinje wa Genesee, ndipo cigawo ca Massachusetts cinatuma Kirkland ku Buffalo Creek kuti akapenyerere kuti zonse ziyende molungama. Maekala oposa 2,000,000 anapita pa mtengo wa madola 5,000, ndi madola 500 caka ndi caka. Pofika tsiku lolipa, mafumu anati iwo anamva 10,000. Koma pepala linati 5,000, ndipo pepala ndilo linapambana. Pambuyo pace Kirkland analandira malo kwa ogulawo. Kaya panali cinyengo kaya kusamvana kwa zinenero, sikoyenera kuti mboni ilandire mphatso kwa mmodzi wa eni mlandu, ndipo a Seneca sanaiwala. M'caka ca 1790 mfumu Cornplanter anakadandaula za malondawa kwa Washington maso ndi maso, namkumbutsanso kuti kwao amdziwa ndi dzina lakuti Wopasula Midzi.

Washington anamvetsera, pakuti nthawi zinali zobvuta. Kumadzulo, ku dera la Ohio, mitundu ina monga a Shawnee ndi a Miami inagwirizana kukana Azungu kuoloka mtsinje, nilandira onga wa ku Detroit. Pa 4 November 1791 inakantha gulu la kazembe Arthur St. Clair nipha asilikari oposa 600. Boma latsopanolo linacita mantha kuti osunga khomo la kumadzulo angalowe nao m'cigwirizanoco, nkhondo nkufika pa New York ndi Pennsylvania. Nduna ya nkhondo, Henry Knox, inafuna munthu wodziwa njira, cinenero ndi maina a mafumu, kuti akawaitanire ku Philadelphia, kumene kunali likulu la dziko masiku amenewo. Munthu wotere anali Kirkland.

Cotero, ali wa zaka 50, anayendanso m'cipale cofewa kunka ku mtsinje wa Genesee kuciyambi kwa caka ca 1792. Akuru a Angerezi ku Niagara sanaukonda ulendowo, ndipo mafumu ambiri anazengereza, poyesa kuti atagonja cotero anthu a ku America sali oyenera kuwathamangira. Brant anakana kudza m'gulu, nadzafika yekha m'mwezi wa June. Komabe m'mwezi wa March Kirkland analowa m'Philadelphia ndi akuru monga 50. Anawacereza masabata angapo, Boma nililonjeza madola 1,500 caka ndi caka ogulira zipangizo za ulimi ndi zina zotere. Mwa alendowo munali mneneri wochuka wa bwalo, Sagoyewatha, amene Azungu anamucha Red Jacket cifukwa ca jekete lofiira limene Angerezi anampatsa pamene anali mthenga wao pa nkhondo. Tsopano Washington anambveka mendulo yaikuru yasiliva. Munthu mmodzi, dzina lace locokera ku Boma lina, cobvala ca pa cifuwa cocokera ku linzace: umo ndimo a Seneca anakhalira zaka zimenezo. M'nkhondo ya ku Ohio sanalowamo monga mtundu, ndipo mwa nchito zonse za Kirkland kwa anthuwa iyi ndiyo inapulumutsa miyoyo yambiri, ya iwo ndi ya Azungu yomwe.

M'caka ca 1794 zinthu zinafika poopsa. Bwanamkubwa wa ku Canada, Lord Dorchester, anauza mafumu m'mwezi wa February kuti nkhondo ya Britain ndi America ioneka iri pafupi, ndipo Angerezi anamanga linga latsopano pa mtsinje wa Maumee, m'kati mwa malire a America. Koma pa 20 August, ankhondo a eni dziko atagonja kwa kazembe Anthony Wayne pa Fallen Timbers nathawira ku lingalo, anapeza zitseko zotseka. Mbiriyo inafika kwa a Seneca ali nkusonkhana pa Canandaigua kukambana ndi Timothy Pickering, nthumwi ya Washington. Pangano linalembedwa pa 11 November 1794. United States inabweza gawo lina la dziko lotengedwa mu 1784, nibvomereza malire a a Seneca, nikweza ndalama za caka ndi caka kufika madola 4,500. Nsaru ya panganoli iperekedwabe caka ciri conse kufikira lero. Patapita masiku 8 John Jay anasaina pangano lina ku London, ndipo m'caka ca 1796 Angerezi anaturuka m'linga la Niagara.

Angerezi atacoka, Boma la America silinaopanso a Seneca. M'caka ca 1797, pa Big Tree, dziko lotsalalo linagulidwa ndi Robert Morris pa madola 100,000, eni ace natsala ndi zidutswa za maekala monga 200,000. Kirkland anathera masiku ace kwa a Oneida, kumene anayambitsa sukulu m'caka ca 1793 imene lero iri Hamilton College, namwalira m'caka ca 1808. Amishoni amene a Seneca anawalola kukhala nao anali a mpingo wa Quaker, amene anakana kugwira mfuti pa nkhondo ija, nakhalanso mboni pa Canandaigua. Anyamata atatu a mpingowo anafika kwa anthu a Cornplanter pa mtsinje wa Allegheny m'caka ca 1798, naphunzitsa kulima ndi pulawo ndi kuwerenga, osafulumira kulalikira. Caka cotsata mbale wace wa Cornplanter, Handsome Lake, anaona masomphenya, nayamba kuphunzitsa anthu kuleka mowa ndi kusunga miyambo ya makolo. Ciphunzitso cace cikali ndi ocitsata m'nyumba zazitali za ku New York ndi Canada.

M'caka ca 1805 mlaliki wina wa ku Massachusetts, Jacob Cram, anafika pa Buffalo Creek, nayamba ndi kunena kuti sanadzera dziko kapena ndalama, koma kudzaonetsa njira imodzi yokha yoona yopembedzera Mulungu. Mafumu anapangana kanthawi, Red Jacket nayankha m'malo mwa onse. Anakumbutsa mlendoyo kuti makolo a Azungu anadza ali owerengeka napempha pokhala pang'ono, ndipo tsopano eni dziko alibe ndi poyala bulangeti pomwe. Anafunsa kuti ngati cipembedzo ciri cimodzi, ndi buku liri limodzi, Azungu asiyanirana ninji okha okha. Ndipo anati popeza mlalikiyo ali nkulalikiranso Azungu oyandikana nao, amene iwo awadziwa bwino, adzayamba adikira aone ngati mauwo awasandutsa oona mtima ndi oleka kunyenga eni dziko. Akaona cotero adzaganizanso. Mbiri yosindikizidwa ya msonkhanowo inena kuti mafumu atayandikira kuti atsazikane ndi kugwirana canza, Cram anaimirira nakana, nati palibe ciyanjano pakati pa cipembedzo ca Mulungu ndi nchito za Satana. Mauwo atamasuliridwa, mafumuwo anamwetulira, nabwerera kwao mwamtendere.